Mmene Frazer Anachokera Pabwalo la Ndege

Frazer Alufandika ndi mwana wa malemu Ezekiel Alufandika, Msena wa kwa Tengani ku Nsanje, ndi ine Jenipher, Mmang'anja wa kuno kwa Katunga. Ndinabereka ana asanu ndi awiri, iyeyu ndi wachitatu. Mkazi wake ndi Agnesi, ndipo ana awo alipo atatu: Ella woyamba, amene ndi wapolisi, Pius amene amakhala ku Ngabu, ndi Chikhulupiliro amene akadali pasukulu.

Sukulu yanga inathera Sitandade 6, koma cholembera ndimagwira. Ndalemba izi chifukwa kuchigayo ndi kumaliro anthu akumanena kuti Frazer anamuchotsa pabwalo la ndege chifukwa choiwala. Ena akuwonjezera kuti anali atamwa. Mwana wanga sanalawepo mowa, ndipo saiwala. Nkhaniyi akuluakulu anaitseka kale, choncho palibe amene ndimupweteke ndikainena mmene inayendera. Ndikufuna zidzukulu zanga ndi ana awo adzadziwe kuti ntchito ija sanaitaye, anachita kuipereka.

Anayamba ntchito pa esiteti ya nzimbe ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kuno nzimbe amazipopera mankhwala ndi ndege kuti zikhwime bwino asanazidule. Masiku amenewo ndege inkafuna munthu woionetsa mzere. Frazer ankaima kumapeto kwa munda ndi mbendera yoyera pamtengo wautali, ndege nkumabwera molunjika pa iye, m'munsimunsi ngati ikufuna kumumeta. Ikayandikira ankathamanga mapazi makumi awiri, nkuimanso pamzere wina. Ovolosi yake ndinkaichapa payokha chifukwa cha fungo. Bambo ake ankati imeneyo ndi ntchito ya munthu wotopa ndi moyo, koma akakhala ndi anzawo ankadzitama kuti mwana wawo amalamula ndege.

Patapita zaka ndege zinabwera ndi makina odzionera mzere, ndipo a mbendera onse anawauza kuti akapume. Frazer yekha anamusiya, chifukwa ankadziwa mphepo ya chigwa chino kuposa aliyense. Anamuika pabwalo pamene ndege inkanyamukira. Bwalolo si la mtundu wa ku Chileka ayi. Ndi kamsewu ka dothi pakati pa nzimbe, shedi ya malata, thanki ya mankhwala ndi nsalu yoonetsa mphepo pamtengo. Frazer ankafika kusanache, nkuyang'ana nsonga za nzimbe ndi utsi wa m'midzi, kenako nkuuza woyendetsa ndege ngati kuli kouluka kapena ayi. Kuno dzuwa likangokwera mphepo imadzuka, ndiye ntchito yonse imayenera kutha isanakwane naini koloko.

M'shedimo anakhomamo bolodi yakuda. Palibe bwana anamuuza, anangoganiza yekha. Chilichonse chouluka tsiku limenelo ankachilemba ndi choko: ndani, munda uti, nthawi yanji. Chaka cha namondwe Freddy, madzi atatizinga, pabwalopo pankatera helikopita yonyamula ufa ndi odwala. Kunabweranso anyamata a bungwe lina ndi timadroni, tindege tija topanda munthu mkati, kuti ajambule kumene madzi afika. Frazer anawakhazika pansi ola lathunthu mpaka helikopita itanyamuka nkutalikira. Anyamatawo anadandaula kuti ali ndi madigiri ndipo akudziwa chimene akuchita. Iye anawayankha kuti sakutsutsa, koma mayina awo ali pamzere wachiwiri pa bolodi. Munthu wake ndi ameneyu.

Ella analowa upolisi atamaliza Fomu 4. Patatha zaka zitatu anamusankha kukaphunzira kuulutsa droni ku Lilongwe, mtsikana yekha pagulu la anyamata asanu ndi anayi. Atabwerako anadutsa pakhomo ndi galimoto ya kuntchito, nkundionetsa denga langa pa kagalasi ka m'manja mwake. Ndinaona nandolo amene ndinayanika, ndi mbuzi ya a neba ikudya pamphasa. Ndinamuuza kuti, mkazi mnzanga, chinthu chakochi chisamayang'ane kubafa kwanga. Iye anati palibe chimene boma lingafune kuona kumeneko. Timatero ine ndi iyeyo. Koma ndi bambo ake sizili choncho. Chikhalireni namwali, Ella sakamba nkhani zolemera ndi bambo ake maso ndi maso. Amapatsana moni, amagwada, amafunsana za ulendo. Zina zonse zimadzera kwa mayi ake. Ifenso tinakula momwemo, ndipo sindinaonepo cholakwika mpaka mwezi wa Epulo chaka chatha.

Mwezi umenewo kunabedwa ng'ombe khumi ndi zinayi m'khola lina cha ku Ngabu. Apolisi anamva kuti akubawo azibisa m'nzimbe zazitali za kumtsinje, moyandikana ndi dambo, podikira tsiku loziwolotsa. Munthu woyenda pansi sangaone kanthu m'nzimbe zotero, choncho anatuma Ella ndi droni yake. Mkulu wa gulu lawo anawalamula kuti pasakhale wantchito aliyense wa pa esiteti wodziwa, poti ankakayikira kuti akubawo ali ndi abale pakati pa alonda.

Ella anaphunzitsidwa kuti asanaulutse pafupi ndi bwalo lililonse la ndege, ayenera kudziwitsa a pabwalopo momveka, ndi kudikira yankho. Zimenezi ankazidziwa bwino. Koma wa pabwalo anali wantchito wa esiteti, analinso bambo ake omubereka. Lamulo la abwana limati asanene. Lamulo la kusukulu limati anene. Mwambo wa pakhomo umati sangaimbire bambo ake foni nkuwauza chochita pantchito yawo. Ndiye anachita zimene ankachita nthawi zonse, anaimbira mayi ake.

Mawu ake anali akuti mayi ake auze bambo kuti mawa m'mawa ndege isapite ku minda ya kumtsinje, koma asatchule za apolisi kapena droni. Agnesi anayenda nawo mawuwo tsiku lonse. Mpongozi wangayu ndi munthu waulemu kwambiri, ndipo amene akufuna kumunena ayambe wabwera kwa ine. Taganizani: mkazi akauze mwamuna wake kuti aimitse ndege ya abwana, popanda chifukwa, poti mwana watero. Anaona kuti mawuwo ndi olemera mkamwa mwake, nkuwasenda pang'ono kuti alowe bwino.

Ndinalipo ine. Dzuwa linali litapendeka, Frazer akumata tayala la njinga pansi pa mtengo wa nimu, ine ndikusankha nyemba. Agnesi anakhala pansi chapatali pang'ono.

"Bambo a Ella, mwana wanu anaimba. Akuti mawa musamale ku minda ya kumtsinje."

Frazer anaseka osadzutsa mutu. "Wapolisi wayamba kulondera bambo ake? Kuli chiyani, mvuu?"

"Sananene."

"Ndamva. Mumuuze kuti ine kumtsinje sindipitako, ndimakhala m'shedi."

Nkhani inathera pomwepo. Inenso ndinaseka. Tonse atatu tinaona ngati ndi chikondi cha mwana. Agnesi anatumiza uthenga kwa Ella wakuti bambo amva.

M'mawa mwake kunali zii, mphepo kulibe. Woyendetsa ndege anali a Symon, bambo wa imvi amene anagwira ntchito ndi Frazer zaka khumi ndi ziwiri. Pa bolodi panali dzina lawo lokha. Ulendo woyamba ndi wachiwiri anapopera minda ya kumtunda. Ulendo wachitatu analowera kumtsinje.

Ella anandifotokozera yekha zimene zinachitika kumeneko. Phokoso la ndege ankalimva kuyambira m'mamawa, koma linali kutali, ndipo mtima wake unali m'malo poti bambo amva. Droni inali m'mwamba, diso lake likuyang'ana pansi. Nthawi yomweyo anaona nyanga pakati pa nzimbe, nkuyamba kuwerenga ng'ombe. Phokoso litakula sanadziwe kuti likuchokera mbali iti, chifukwa ndege yopopera imadutsa m'munsi kwambiri moti nzimbe zimaibisa. Anangoiona itatulukira kumapeto kwa munda, ikukwera kuti ikhote, pamalo penipeni pamene panali droni. Anayesa kuitsitsa. Chala chinachedwa.

A Symon analankhula pa wailesi ya m'manja mawu ochepa, kuti agunda chinthu, si mbalame, ndipo pabwalo pasakhale munthu. Ndege inatera bwino ngakhale inkapendekera mbali imodzi. Phiko lakumanzere linali litaphwanyika kutsogolo, paipi ya mankhwala itathyoka. A Symon anatsika nkukhala pansi padothi. Pambuyo pake anauza Frazer kuti chinthucho chikanagunda mikono iwiri yokha chakumanja, chikanalowa pa galasi pamaso pawo.

M'phikomo munali mutakanirira kachidutswa ka pulasitiki. Frazer anakachotsa ndi pulayala, nkuona kuti pali zilembo ndi nambala ya boma. Akuti anaima nako nthawi yaitali. Sanafunse aliyense. Anakapereka kwa abwana ake, nkutseka shedi.

Frazer atafika kunyumba, Agnesi anali atamva kale. Anagwada nkunena mawu enieni amene Ella anamutuma. Frazer anamupempha kuti awabwereze, Agnesi anabwereza. Sanamukalipire. Anangotuluka nkukakhala kuseri kwa khola mpaka nkhuku zitalowa.

Msonkhano wofufuza anauika patatha masiku asanu ndi atatu. Tonse tinkadziwa kuti funso ndi limodzi. Ella anali atalemba kale m'lipoti lake kuti a pabwalo anadziwitsidwa, poti iye ankakhulupirira zimenezo. Frazer akanati sanadziwitsidwe, kapena akanafotokoza njira imene uthenga unadzera, Ella akanaoneka kuti anaphwanya lamulo ndiponso ananama. Chiphaso choulutsira chikanapita, mwina ndi yunifolomu yomwe. Frazer akanavomera kuti anadziwitsidwa, ndiye kuti iye ndi amene anatumiza munthu kukakumana ndi imfa.

Masiku amenewo sindinkadya bwino. Uyu ndi mwana wanga, uyo ndi mdzukulu wanga woyamba amene ndinamulandira ndi manja angawa. Tsiku lachisanu ndinamutsatira kudimba nkumufunsa chimene akanene. Anati akanena zoona, kuti uthenga unafika. Ndinamuuza kuti unafika wolumala, ndipo ndinalipo, ndikhoza kukaima pamaso pa aliyense. Anayamba walima kaye pang'ono.

"Mayi, mukakaima inu, Ella wagwa. Agnesi nayenso azinenedwa mpaka kumanda. Ndipo ine ndilibe mlandu? Mwana wanga ndi wapolisi woulutsa droni. Wanditumizira mawu okhudza minda imene ndege ikupita mawa. Ine nkuseka. Zaka makumi atatu ndakhala ndikufunsa alendo kuti mukuuluka kuti, nthawi yanji. Mwana wanga yekha sindinamufunse."

Ndinati nanga dzina lako? Anandiyankha kuti iye watsala ndi zaka zochepa pantchito, pamene Ella wangoyamba kumene. Ndinamunena kuti ndi wamakani ngati bambo ake, nkubwerera kunyumba ndikulira. Mpaka lero sindinganene kuti analondola kapena analakwa.

Kumsonkhanoko kunali abwana a esiteti, mkulu wa apolisi, bambo wina wa zamaulendo a ndege wochokera ku Lilongwe, a Symon, Ella ndi Frazer. Bambo ndi mwana anakhala moyang'anizana. Wa ku Lilongwe uja anafunsa ngati Frazer analandira uthenga uliwonse wokhudza minda ya kumtsinje tsikulo lisanafike.

"Ndinalandira, bwana, dzulo lake madzulo."

"Munaulemba pa bolodi yanu?"

"Sindinalembe. Sindinaufunsitse, ndipo a Symon sindinawauze."

Anamufunsa chifukwa chake, iye anati anaupeputsa. Anamufunsa ngati ali ndi zowonjezera, anati alibe. Ella anatsegula pakamwa, koma Frazer anamuyang'ana kamodzi, iye nkuweramitsa mutu. A Symon ndi amene anandiuza zimenezi.

Abwana sanamuchotse Frazer ntchito kotheratu, poganizira zaka zake. Anamuchotsa pabwalo nkumutumiza ku ngalande, kukatsegula ndi kutseka zipata za madzi othirira. Ella analandira kalata yomuchenjeza chifukwa chosadikira yankho lolembedwa, anakhala miyezi inayi osaulutsa, kenako anamubwezera kusukulu nkumusamutsira ku Blantyre. Ng'ombe zinapezeka khumi ndi imodzi. Mwini wake sakudziwa nkomwe zimene zinatigwera chifukwa cha ng'ombe zakezo.

Patatha mwezi a Symon anabwera kunyumba ndi nthochi. Anakana mpando, anakhala pamphasa. Frazer anawapepesa, iwo anangogwedeza mutu. Anati zaka khumi ndi ziwiri sanaonepo Frazer ataiwala ngakhale kutseka botolo, ndipo sabwera kudzafunsa zimene munthu sakufuna kunena. Ine ndinawafunsa chimene chinkandivuta, kuti munthu wa maso abwino ngati iwo analephera bwanji kuona chinthucho. Anatola mbale yanga ya pulasitiki nkukaiika kutsidya kwa msewu, pa udzu wouma, nkundiuza kuti ndiyerekeze ndikuthamangira kumeneko mofulumira kuposa basi kawiri, maso ali pa mawaya a magetsi ndi mitengo. Anati mbalame imaona ndege nkuthawa. Droni siithawa, chifukwa diso lake lili pansi, ndipo mwini wake ali pansinso, akuyang'ana kagalasi. Wa m'ndege sakuona droni, wa droni sakuona ndege. Chimene chimawasunga onse ndi mawu amene auzana asananyamuke. Anawonjezera kuti munthu amene anamuika m'malo mwa Frazer ndi wabwino, koma bolodi anaichotsa nkupachikapo kalendala.

Ella akandiimbira amandiuza za m'tauni. Akuti kumeneko nkovuta kuposa kuno. Kuli ndege zotsika kupita ku Chileka, nthawi zina helikopita, ndiponso timadroni ta ojambula maukwati timene eni ake sauza aliyense. Pansi pali misika ndi ana a sukulu, si nzimbe. Akuti anzake amamutcha Mayi Kalata, chifukwa ngakhale abwana afulumire bwanji, iye saulutsa asanalankhule yekha ndi oyang'anira ndege nkumva yankho ndi khutu lake. Tsiku lina wakuba anathawa iye akudikira yankho, ndipo anamukalipira pamaso pa anzake. Anapirira. Ndikamva zimenezi ndimanyada, koma ndimadziwanso amene anamuphunzitsa, ndi mmene anamuphunzitsira.

Frazer ku ngalande akugwira bwino. Amapita ndi njinga, amabwera ndi matope mpaka m'mawondo. Ndege ikamadutsa m'mawa sakweza mutu, koma ndimamuona akuyang'ana nsonga za mitengo. Tsiku lina ananena yekhayekha kuti mphepo iyi si youlukira, kenako anazindikira kuti ndamva, nkusintha nkhani.

Ella anabwera pa Khirisimasi, koyamba chichitikireni zimenezi. Anandipeza kuseri kwa nyumba ndikubudula therere. Anandifunsa kuti ayambire pati kulankhula ndi bambo ake. Ndinamuuza kuti pakamwa pamene amakanira abwana ake ndi pomwepo. Anatenga madzi akumwa nkupita kwa bambo ake, anagwada bwinobwino. Frazer anamwa, nkumufunsa ngati msewu wa Thabwa uli bwino, ngati ku Blantyre mvula yayamba. Ella anayankha zonse. Anakhala chigwadire kanthawi ndithu, kapu ili m'manja. Kenako anadzuka. Anakhala masiku atatu, ndipo anachapa zovala zonse za bambo ake, ngakhale zoyera kale.

Tsiku lonyamuka anandigwira dzanja pa siteji ya makabaza.

"Agogo, mukawauze ndinu. Mukawauze kuti ndikudziwa chimene anachita."

"Sindikawauza."

"Inu amakumverani."

"Ndati sindikawauza, mkazi mnzanga. Kwera, kabaza akudikira."

Madzulo ake Frazer naye anabwera kudzakhala pakhonde langa, zimene sachita kawirikawiri. Anazungulira ndi nkhani ya mbewu, kenako anafika. Anati ali ndi mawu a Ella amene akumulemera. Sanamukhululukire zonse. Akadzuka m'mawa amaonabe a Symon atakhala pansi padothi paja, ndipo akufuna mwana wake amve kuchokera kwa bambo ake kuti anatsala pang'ono kupha munthu wa ana anayi chifukwa choopa kuimba foni. Akufunanso adziwe kuti sakunong'oneza bondo pa zimene ananena kumsonkhano. Anandipempha kuti ndimufikitsire mawuwo, poti ine ndi Ella timamasukirana.

Naye ndinamukanira. Ndinamuuza kuti nambala ya mwana wake ali nayo. Ndikudzidziwa ine. Nditatenga mawu a Frazer, zaukali ndikanazisiya panjira chifukwa ndimamukonda mtsikanayo. Nditatenga a Ella, ndikanawonjezera misozi imene sanalire. Anati ndakalamba ndi nkhanza zanga zomwe. Ndinavomera.

Papita miyezi isanu tsopano. Ella amaimba Lamlungu lililonse, amalankhula ndi mayi ake, kenako amapempha kupereka moni kwa bambo. Frazer amalandira foni nkuimirira, amayenda nayo mpaka pampanda. Ndimatchera khutu, sindibisa. Amakamba za kutentha, za Pius, za mayeso a Chikhulupiliro. Pamakhala kanthawi kamene onse awiri amakhala chete, ndipo ndimasiya chimene ndikugwira. Kenako mmodzi amati basi, tionana. Ella sanathokoze bambo ake, ndipo Frazer sanamudzudzule mwana wake.